Chiponde cha ku Mchinji: zimene foni inationetsa ndi zimene inatibisira

Ndimagwira ntchito yolangiza anthu a mabizinesi ang'onoang'ono m'chigawo chapakati. Nkhani imene ndalemba panoyi ndi ya bizinesi imodzi ya chiponde imene ndinayenda nayo kuyambira mu June 2022 mpaka kumapeto kwa 2024. Eni ake anavomera kuti ndiilembe, koma maina awo ndi dzina la msika wawo ndawasiya. Ndikulembera makamaka alangizi anzanga, chifukwa pa nkhaniyi ndinapunthwa malo angapo amene ndikuona ambiri a ife tikupunthwapobe masiku ano a mafoni.

Mwini bizinesiyi ndi mayi wamasiye, wa zaka za m'ma 50, wokhala pa msika wina m'boma la Mchinji. Anayamba ndi mtondo ndi munsi, akusinjira anansi. Kenako anatenga ndalama ku banki m'khonde n'kugula kachigayo ka magetsi kopera mtedza. Pamene ndinkawadziwa n'kuti akutulutsa mabotolo pafupifupi 200 pa mwezi, ena akugulitsa okha pamsika, ena akusiya m'magolosale. Amene ankawathandiza ndi mwana wa mchimwene wawo, mnyamata amene atamaliza Fomu 4 anakachita kakosi ka makompyuta ku Lilongwe.

Mnyamatayu ndi amene anandipeza. Anabwera ndi kope la masamba 40, tsamba lililonse atajambulapo nkhope ya foni: apa munthu asankhe botolo, apa alipire, apa aone pamene katundu wafika. Ankafuna ndimuthandize kulemba kalata yopempha thandizo la ndalama kuti apange pulogalamu ya pafoni yogulitsira chiponde cha azakhali ake. Anali atamva za malo osulira achinyamata monga mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub, komanso za mipikisano imene munthu amaimirira mphindi zochepa kufotokoza maganizo ake pamaso pa oweruza. Malo amenewa ndimawalemekeza, atulutsa achinyamata aluso. Koma mnyamata wathuyu anali atangotolako mawu okha, ndipo ine ndinatengeka nawo. Masabata atatu oyambirira tinathera pa dzina la malonda, chithunzi cha pa lebulo ndi tsamba la Facebook. Kumene chiponde chimapangidwira ndinali ndisanapondeko.

Tsiku loyamba kukafika kwa amayiwo ndinawapeza ali m'tulo masana. Anali atagona mochedwa chifukwa magetsi anayaka usiku, ndiye anapera mpaka tambala woyamba. Chinali chaka chimene dziko lonse linali mumdima kuchokera pamene namondwe Ana anaononga damu la pa Kapichira mu January 2022, n'kuchotsa mphamvu ya magetsi pafupifupi 130 megawati. Mwezi wa May kwacha inali itagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mabotolo apulasitiki anali atakwera kale mtengo.

Ndinawafunsa funso limene ndinayenera kuyamba nalo kalekale: botolo limodzi limawadyera ndalama zingati kuti lifike pa shelefu? Anayang'ana mnyamata uja, mnyamata anayang'ana foni.

"Alangizi," anatero amayi, "ine ndalama ndimaiona ikulowa ndithu. Koma pofika pa 20 mwezi, ndikamasula pa mfundo ya chitenje ndimapeza mulibe kanthu. Imalowera kuti sindidziwa."

Kulekanitsa thumba la bizinesi ndi la pakhomo

Tinagwirizana kuti kope la zithunzi lija liyambe lapuma miyezi itatu. Tinagula nambala ina yoti ikhale ya bizinesi yokha, n'kutsegulapo akaunti ya ndalama za pafoni. Lamulo linali limodzi: kwacha iliyonse ya chiponde idutse pa nambala imeneyo. Wogula wokhala ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba atumize pomwepo. Ndalama ya m'manja ikaikidwe kwa ejenti madzulo aliwonse asanatseke. Mnyamata ndinamupatsa ntchito yolemba zonse pa Google Sheets, pulogalamu yolembapo manambala m'mizere: tsiku, amene watenga, mabotolo angati, walipira zingati, zatsala zingati.

Ndinasankha njirayi m'malo mwa buku la pamanja pa chifukwa chimodzi. Mabuku a pamanja ndawagawa ambiri pa ntchito yangayi, ndipo ambiri amathera pa tsamba lachisanu. Munthu wotopa, wopera usiku, sakumbukira kulemba. Koma ndalama ikadutsa pafoni imadzilemba yokha, tsiku ndi ola lomwe, ndipo mlangizi angathe kuyerekeza zimene zalembedwa ndi zimene zinalowadi. Njirayi ili ndi mtengo wake, poti potapa ndalama pamakhala kandalama kodulidwa, ndipo amayi anadandaula nako kwambiri. Ndinawauza kuti akaone ngati malipiro a kalaliki amene sadwala komanso saiwala. Sanakhutire kwenikweni, koma anavomera kuyesa.

Patatha masabata 10 tinakhala pansi kuwerenga. Zinthu zitatu zinatuluka poyera. Magolosale 6 amene ankatenga chiponde pa ngongole anali asanalipire pafupifupi botolo limodzi mwa atatu aliwonse, ena patatha mwezi wathunthu, ndipo amayi sankawalondalonda poopa kuoneka amwano kwa anthu amene amapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Botolo lalikulu la magalamu 500, limene ankalinyadira kwambiri, ankaligulitsa ku magolosale motsika kuposa ndalama zolipangira. Mtengo wake unali wa chaka chatha pamene botolo lopanda kanthu, lebulo ndi mtedza zonse zinali zitakwera. Phindu lonse linkachokera ku timabotolo ting'onoting'ono timene ankagulitsa okha pamsika ndalama pompo. Chachitatu, ndalama yotuluka kupita pakhomo inali yambiri kuposa mmene iwo ankaganizira: chipepeso pa maliro, fizi ya mdzukulu, thumba la feteleza la mlamu.

Chachitatuchi ndimachigwira mosamala. Alangizi ena amakalipira anthu kuti akudya mpamba, ngati kuti kupereka chipepeso ndi mlandu. Mayi wamasiye wa pamudzi sangakhale wosapezeka pa maliro kapena kumana mdzukulu fizi, ndipo tsiku limene iye adzagwe m'mavuto anthu omwewo ndi amene adzamunyamule. Tinangogwirizana kuti Loweruka lililonse bizinesi iziwalipira ndalama yodziwika, kuchoka pa nambala ya bizinesi kupita pa yawo, ndipo za pakhomo zonse zizichokera mmenemo. Magolosale tinawalembera makalata aulemu. Anayi analipira n'kuvomera mtengo watsopano. Awiri anakwiya, ndipo tinawasiya.

Kuyesa msika ndi mabotolo 40

Maganizo a mnyamata oti ku Lilongwe kuli msika sanali olakwika. Cholakwika chinali kufuna kumanga nyumba yonse tisanadziwe ngati pali wogonamo. Njira imene ikuphunzitsidwa kwambiri tsopano m'malo osulira mabizinesi ndi yoti uyambe ndi kanthu kakang'ono, kotsika mtengo, ukaike pamaso pa ogula enieni, uone zimene achite ndi ndalama zawo, kenako usinthe. Ife tinachita zimenezi ndi WhatsApp Business, imene ndi yaulere ndipo ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo yake. Tinapera mitundu itatu: chothira shuga, chothira mchere pang'ono, ndi chopanda kanthu. Mabotolo 40 anakwera minibasi pa msewu wa M12, mtunda wa makilomita oposa 100, n'kukalandiridwa ku depoti ndi msuweni wa mnyamatayo amene ankagwira ntchito mu ofesi ina mumzinda.

Amayi anali otsimikiza kuti anthu a m'tauni akufuna chotsekemera. Chimene chinatha msanga, komanso chimene anthu anabwereranso kudzafunsa, chinali chopanda kanthu chija. Azimayi ankati akufuna chothira m'phala la ana ndi m'ndiwo zamasamba, ndipo zotsekemera zadzaza kale m'masitolo akuluakulu. Chashuga tinachisiyiratu. Zinatitengera masabata awiri ndi ndalama ya minibasi kuti tidziwe zimenezi.

Panjira tinalumidwa kamodzi. Munthu wina anaoda makatoni awiri, n'kutumiza uthenga wooneka ndendende ngati wa kampani ya foni, wonena kuti ndalama yalowa. Msuweni uja anapereka katundu kwa wakabaza amene anatumidwa. Pofufuza madzulo, mu akaunti munalibe kanthu. Kuchokera tsiku limenelo katundu satuluka mpaka munthu atalowa yekha mu akaunti n'kuona kuti ndalama yakweradi. Uthenga wongobwera sitiuwerengera. Ogula atsopano amalipira theka katundu asanakwere minibasi.

Pofika mu January 2023 maoda a ku Lilongwe ankafika 15 pa sabata. Munthu mmodzi ndi foni imodzi ankakwanitsa bwinobwino. Ndinauza mnyamata kuti pulogalamu yake ija palibe ntchito imene ingagwire yoposa zimene WhatsApp ikuchita kale. Mfundoyo inali yoona, koma ndinaiyankhula pamaso pa azakhali ake, ndipo sanandiyankhe foni masabata awiri. Munthu amene wasenza maloto ake m'kope kwa chaka sumuuza zotere pagulu. Ndinapita kukapepesa, tinakhala awiri pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinamuonetsa kuti mizere imene ankalemba pa Google Sheets ija ndi imene inapulumutsa bizinesi ya azakhali ake ku ngongole za magolosale. Anabwerera pa ntchito, ngakhale mtima unali usanatsike.

Funso la chuku

Mu March 2023 mayi wina wa ku Lilongwe, amene amayendetsa sukulu ya mkombaphala, analemba pa WhatsApp kuti akufuna kumatenga mabotolo 30 mwezi uliwonse. Anawonjezera mzere umodzi: "Kodi chiponde chanu munachiyezetsa za chuku?"

Sitinali titachiyezetsa. Tinatenga mabotolo atatu a mtanda (chiponde chopera ulendo umodzi) umene unali pa shelefu n'kupita nawo ku labotale. Zotsatira zitabwera, poizoni wa chuku anali wopitirira kutali malire ovomerezeka pa chakudya cha anthu.

Apa ndi pamene ndinalakwa kwambiri, ndipo ndikufuna alangizi anzanga aime napo pang'ono. Ndinali nditayenda ndi bizinesi ya chakudya miyezi 9. Ndinkadziwa kwacha iliyonse yolowa ndi yotuluka. Mzere wa "mtedza" ndinkauona sabata iliyonse pa foni yanga ndili ku Lilongwe, makilogalamu ndi mtengo wake, koma mtedzawo ndinali ndisanaugwire ndi manja. Foni inandipatsa mtima woti bizinesi ndikuidziwa, pamene ndinkangodziwa mbali imene imasanduka manambala.

Poizoniyu, amene akatswiri amamutcha aflatoxin, amapangidwa ndi nkhungu ya mtundu wa Aspergillus imene imakhala m'nthaka. Imalowa mu mtedza mbewu ikavutika ndi ng'amba chakumapeto kwa nyengo, makoko akabooka ndi tizilombo kapena khasu, komanso mtedza ukasungidwa usanaume. Kukazinga sikumupha. Alibe fungo loti mayi wophika angamve, ndipo chiponde chikhoza kununkhira bwino chili naye. Akadyedwa kwa nthawi yaitali amaononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo amatchulidwanso pa nkhani ya kupinimbira kwa ana. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu wochuluka. Maiko a ku Ulaya salola mtedza wodya wopitirira magawo 4 pa magawo 1 biliyoni, ndipo malamulo oterewa ndi ena mwa zimene zinatsekera mtedza wa ku Malawi misika imene unkafikako kale.

Ndinapita ndi amayi kukaona kumene amagula. Ankapikula mtedza woswa kale kwa mavenda a pamsika, chifukwa ndi wosavuta komanso umapezeka chaka chonse. Titalowa m'kachipinda ka venda wina, matumba anali ataunjikidwa pansi penipeni, otsamira khoma limene linali lonyowa ndi mvula ya mwezi umenewo. Ndinalowetsa mkono mpaka m'chigongono m'thumba limodzi. M'kati munali mofunda. Nditatulutsa dzanja, pakati pa mtedza wabwino panali wonyala, wothyoka, ndi wina wokhala ndi kaufa kobiriwira mumng'alu. Mlimi wina amene tinacheza naye sanabise: poswa mtedza amawaza madzi pa makoko kuti afewe, zala zisapweteke, ndipo pa sikelo umalemerako. Ndi chizolowezi chofala, ndipo chimabwezera chinyezi mu mtedza umene unauma kale.

Pobwerera amayi sanayankhule mpaka tinafika pakhomo. Anakhala pa khonde, n'kunena motsitsa mawu: "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye kuti ana a anthu ndakhala ndikuwathirira poizoni m'phala, alangizi?"

Pa shelefu ndi m'magolosale panali mabotolo 180. Kuwachotsa kunali kosakambirana. Mkangano unabuka pa nkhani youza ogula. Mnyamata anati tingosiya kugulitsa mwakachetechete, tikonze, tidzayambirenso, chifukwa uthenga wotere ukangogwa m'magulu a WhatsApp dzina la malonda latha. Mantha akewo anali omveka ndithu, ndipo inenso ndinkawamva. Koma amayi anadula nkhani.

"Mwana wanga, botolo lili m'kabati mwa munthu. Mawa m'mawa alitsegula. Lemba uthengawo."

"Azakhali, tikhala opanda kasitomala."

"Lemba."

Tinalemba mwachidule: kuti tayezetsa, tapeza vuto, asadye chimene ali nacho, ndalama tibweza. Apa mbiri ya pafoni inatithandiza, poti nambala ya aliyense amene anagula miyezi iwiri yapitayo inalipo, ndipo kubweza kunali kongotumiza. Koma tinazindikiranso kuti sitikanatha kunena botolo liti linachokera ku thumba liti, chifukwa pa lebulo panalibe nambala ya mtanda. Tinangobweza kwa onse. Ogula a pamsika, olipira ndalama ya m'manja, amayi anawayendera okha amene ankawadziwa. Ena sitinawapeze konse, ndipo zimenezi zimandivutabe. Ena mwa a ku Lilongwe anachoka osabweranso. Mayi wa sukulu ya mkombaphala anayankha kuti adikira mtanda woyezedwa.

Kuyambira kumunda

Kachigayo kanaima miyezi iwiri ndi theka, kudikira mtedza watsopano. Nthawi imeneyo tinaithera m'midzi iwiri yoyandikana nayo. Tinapeza alimi 14, ambiri azimayi, olima mtedza wa CG7, umene uli ndi mafuta ambiri ndipo umapereka chiponde chosalala. Mgwirizano unali woti akumbe pa nthawi yake, aumitse mtedza usanathotholedwe pousanja mulu wokhala ndi mpata wa mphepo pakati, njira imene alangizi a zaulimi amaitcha Mandela cock, ndipo atigulitse uli m'makoko. Khoko ndi chitetezo cha mtedza. Ukakhala mmenemo wouma bwino umasungika, ndipo mwayi wowaza madzi uja supezeka. Ife tinalonjeza mtengo woposa wa mavenda, kulipira tsiku lomwelo.

Zida zatsopano zinali zitatu, ndipo palibe chimene chinali chodabwitsa. Kamakina koyezera chinyezi, kokwana m'thumba la jekete, tinabwereka ku kopaletivi ina yapafupi. Mtedza wopitirira 8 peresenti tinkaubweza kuti ukaumenso. Makina oswera mtedza a pamanja anapangidwa ndi wowotcherera wa pamsika pomwepo. Chachitatu chinali timapepala toyezera chuku mwachangu, tooneka ngati toyezera malungo: usungunula chiponde pang'ono m'mankhwala ake, uviikamo kapepala, ndipo pakatha mphindi zochepa mizere imakuuza ngati poizoni wapitirira malire. Timachokera kunja ndipo si totsika mtengo, choncho tinkagula limodzi ndi kopaletivi ija n'kugawana.

Pali mfundo ina ya kayezedwe imene ndinaphunzira mochedwa. Chuku sichifalikira mofanana m'thumba. Njere zochepa chabe zikhoza kuipitsa mtanda wonse, ndipo ukatapa dzanja limodzi pamwamba ungathe kuziphonya. Ndiye timayeza chiponde chopera kale, chitasakanizidwa bwino, tisanathire m'mabotolo. Mtanda ukalephera umatayika wonse, n'chifukwa chake mphamvu zambiri timaika pa kusankha: kamodzi mtedza ukangoswedwa, kachiwiri ukakazingidwa n'kupukusidwa khungu, pamene njere yodwala imaonekera ndi mtundu wake wakuda kapena wachikasu. Timapepalati sitilowa m'malo mwa labotale. Timangotithandiza kugwira vuto pakhomo, ndipo zitsanzo zina zimapitabe ku labotale. Lebulo iliyonse tsopano ili ndi nambala ya mtanda yolembedwa ndi cholembera, ndipo nambalayo pa Google Sheets imaonetsa alimi amene anapereka mtedzawo.

Kugula mtedza wa chaka chonse pa nthawi yokolola kunafuna mpamba umene amayi analibe. Banki m'khonde ya kwawo inkakongoza pa 20 peresenti pa mwezi, zimene zingathandize pa geni ya masabata awiri koma osati pa mtedza wokhala m'nkhokwe miyezi 8. Tinapita ku bungwe lina lobwereketsa ndalama titanyamula mbiri ya akaunti ya pafoni ya miyezi 11, yosindikizidwa. Amayi alibe chikole chimene mabanki amachifuna. Mapepala aja ndi amene anawayankhulira, pamodzi ndi kalata ya mayi wa sukulu uja yolonjeza kugula. Anapatsidwa ndalama yochepera imene tinapempha, yokwana mtedza wa miyezi isanu.

Polipira alimi tinakumana ndi china chimene sitinachiganizire. Tinkanyadira kuti tizilipira pafoni, popanda kuyenda ndi ndalama m'midzi. Sabata yachiwiri mayi mmodzi anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti nambala imene anapereka ndi ya bambo a kunyumba, ndipo ndalama ya mtedza umene analima yekha sanaione. Titafunsa bwino, azimayi 5 mwa alimi athu anali m'vuto lomwelo. Kulembetsa nambala ya foni kumafuna chiphaso cha unzika, ndipo onse anali nacho. Chimene analibe ndi foni yawoyawo. Atatu anagula makadi awo n'kumawaika m'foni ya mnzawo pa tsiku lolandira. Awiri anapempha ndalama ya m'manja, ndipo tinawapatsa, n'kusainirana m'buku. Mlangizi amene akulimbikitsa kulipira pafoni afunse kaye kuti foniyo imagona m'thumba la ndani.

Mtanda woyamba wa njira yatsopano unatuluka mu July 2023 ndipo unapezeka wabwino ku labotale. Mayi wa sukulu anatenga mabotolo ake 30. Anauza anzake awiri oyendetsa sukulu zonga yake, ndipo chimene anawauza chinali cha uthenga wobweza ndalama uja.

Mu November 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700. Mabotolo, malebulo ndi timapepala toyezera zonse zinadumpha. Chaka chapitacho amayi akanapitiriza mtengo wakale mpaka mpamba kutha. Ulendo uno mnyamata anasintha manambala atatu pa foni, mtengo weniweni wa botolo unaoneka, ndipo pasanathe masiku awiri ogula onse anali atalandira mitengo yatsopano pamodzi ndi kabotolo kocheperako ka amene thumba lawo linafupika. Mtedza wa m'nkhokwe, wogulidwa mu June pa mtengo wakale, unawapatsa mpata wopumira. Panabwera maganizo oti tichepetse kuyeza kuti tisunge ndalama. Tinakana, koma tinayamba kupera mitanda ikuluikulu kuti kapepala kamodzi kaziyeza chiponde chambiri.

Nyengo ya 2023/24 inali ya ng'amba ya El Niño, imene inachititsa boma kulengeza mu March 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kwa alimi athu mvula inadula mtedza ukukhwima. Ngakhale anaumitsa bwino monga chaka chatha, mitanda iwiri inalephera, ndipo nambala za mitanda zinatilondolera ku minda iwiri ya mchenga imene inauma msanga. Alimiwo sanalakwe kanthu. Kuwauza kuti mtedza wawo wotsala sitiugula kunali kowawa, ndipo mmodzi anachoka mumgwirizano.

Pofika kumapeto kwa 2024 bizinesi inali italembetsedwa ku boma, ngongole itabwezedwa, ndipo amayi anali atayamba ndondomeko yopezera chizindikiro cha bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards, chimene masitolo akuluakulu amafuna. Kachigayo kanachoka m'khitchini kupita m'chipinda chakechake cha simenti. Mabotolo sanachuluke kwambiri kuposa poyamba, ali cha m'ma 300 pa mwezi, koma lililonse limasiya kanthu. Mnyamata uja pulogalamu sanapange. Tsopano amasungira mabuku a pafoni mabizinesi ena atatu a pamsikapo, wachigayo cha chimanga, wogulitsa zipangizo za njinga ndi kopaletivi ija, ndipo aliyense amamulipira pa mwezi.

Ulendo wanga womaliza chaka chimenecho ndinafika tsiku losankha mtedza. Azimayi anayi anali pa mphasa pansi pa mango, malichero pamiyendo, njere zabwino m'ndowa, zoipa m'beseni la pambali. Ndinakhala nawo mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza ndinaona mmodzi akukhuthulira za m'beseni zija m'kansalu, n'kumanga mfundo. Ndinamufunsa kumene akupita nazo.

"Nsinjiro, alangizi. Zotsala izi amayi amatipatsa. Ana kunyumba amakonda nkhwani wotendera."

Kwa chaka ndi theka tinali tikuchotsa njere zapoizoni m'phala la ana a ku Lilongwe n'kuzitumiza mumphika wa ana a azimayi otisankhira, zitaunjikana pamodzi zokhazokha. Pa Google Sheets zinkalembedwa kuti "zotayika", makilogalamu akeake, ndipo mzerewo ndinkauwerenga mwezi uliwonse. Amayi ankapereka ndi mtima wabwino, poti kutaya chakudya pamudzi pamene pali njala ndi chinthu chochititsa manyazi.

Madzulo omwewo tinakambirana ndi azimayiwo, ndipo amayi anawonjezera malipiro awo ndi kilogalamu imodzi ya mtedza wabwino pa tsiku lililonse losankha. Zosankhidwazo tsopano zimayezedwa pa sikelo, kutsekeredwa m'thumba, ndipo amayi amazikwirira okha m'dzenje lakuya kuseri kwa nkhokwe, nkhuku ndi mbuzi zisafikeko, chifukwa poizoniyu amadutsa mpaka mumkaka wa ziweto. Mnyamata akufunsafunsa ngati mafuta ake angapangidwe sopo kuti ndalamayo isamangolowa m'nthaka. Za mtedza wa minda iwiri imene tinaukana uja ndinafunsanso: unagulidwa ndi venda wa pamsika, sabata yomweyo.